Galu wa aneba waluma mwana wanga, iwo akuti galuyo si wawo. Alipire ndani?

Make Chisomo, Mufakose

Abale anga a muno mu Harare, ndithandizeni nzeru, makamaka inu amene munayendapo m'makhoti kapena mumadziwa malamulo a dziko lino.

Ine ndimachita lendi zipinda ziwiri ku Mufakose, ndipo ndimagulitsa tomato ndi masamba pakamsika ka kufupi ndi kwathu. Loweruka lapitali ndinatuma mwana wanga wamwamuna wa zaka 6 kukagula mazira kwa mayi ena a mumsewu mwathu momwemo, kungodumpha nyumba zitatu. Mayiwa amaweta nkhuku kuseri kwa nyumba yawo ndipo tonse timagula kwa iwo. Ana amalowa pageti paja tsiku lililonse, amagogoda kukhitchini, amawaikira mazira m'kapepala n'kubwerera. Pakhomopo pali galu wamkulu wofiirira amene nthawi zonse amakhala pa tcheni, atamangidwa kumtengo wa mapeyala. Tsikulo anali atamumasula, koma geti linali losakhoma monga mwa masiku onse.

Mwana atangolowa, galu uja anamudumphira n'kumugwetsa. Wamuluma pakatumba, mabala awiri akuya, ndiponso padzanja lamanja pomwe ankatchinga kumaso. Anamulanditsa ndi mnyamata amene amasoka nsapato pakona, ndiye anathamanga ndi thabwa atamva kukuwa. Ine pofika ndinapeza mwana atakhala m'mbali mwa ngalande, sokosi ili magazi okhaokha, dola ya mazira ija akadali chifumbatire. Mpaka lero usiku amadzidzimuka, ndipo akamva galu akuuwa ngakhale patali amathawira kunsi kwa tebulo.

Kukiliniki anatsuka mabala, anamubaya jakisoni wa kafumbata, n'kundiuza kuti akufunika katemera wa chiwewe. Tsikulo analibe, choncho ndinakagula kufamase ndi ndalama ya oda ya tomato. Kuphatikiza galimoto yomwe ndinachita hayala, mabandeji, mankhwala ndi makombi, ndawononga kale madola 140, chonsecho majakisoni sanathe. Kumsika sindinapondeko sabata yonseyi.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinapita kwa mayi aja pamodzi ndi achimwene anga. Sitinapitire ndewu ayi. Anatiuza kuti galuyo si wawo, ndi wa mwana wawo amene ali ku Johannesburg, iwo amangomusungira. Anatilozera chikwangwani cha pageti chochenjeza za galu, amvekere wolowa amalowa akudziwa. Akutinso galu wawo sanalumepo munthu chibadwire, ndiye kuti mwana wangayo ndi amene anamuputa. Nditafunsa khadi la katemera wa galu anati lili ndi mwini wake. Kenaka anatulutsa madola 20 kuti ndikagulire mwana zipatso. Sindinalandire.

Achimwene anga akwiya kwambiri, akuti angomuthirira poizoni wa tameki galuyo nkhani ithere pomwepo. Ine zimenezo sindikuzifuna. Chomwe ndikufuna n'choti wina abweze zomwe ndawononga ndi zomwe ndiwonongebe, komanso kuti galu ameneyu asadzalumenso mwana wa munthu. Kodi pa malamulo a kuno wolipira ndani, mayiwa kapena mwana wawo wa ku Joni? Chikwangwani chija chikuwapulumutsadi? Ndiyambire kupolisi kapena kukhoti? Ndalama ya loya ndilibe.

NaMbewe, Dzivarasekwa

Pepani kwambiri achemwali. Za malamulo akuyankhani ena. Ine ndine namwino, ndiye ndinene za mwanayo, chifukwa ndalama ikhoza kudikira koma chiwewe sichidikira.

Masiku amene akulemberani pakhadi musadumphitse ngakhale limodzi, kaya mabala akuoneka kuti akuuma, kaya galuyo akuoneka wabwinobwino. Kawirikawiri mwana akabayidwa koyamba amabwereranso pa tsiku la 3 ndi la 7, ndipo malinga ndi kabayidwe kamene asankha, ena amapitiriza mpaka la 14 kapena la 28. Chiwewe chimatha kubisala m'thupi miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina kupitirira apo, koma chikangoyamba kuonetsa zizindikiro palibenso chipatala chimene chingamupulumutse munthu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, pafupifupi onsewo chifukwa cha agalu, ndipo pafupifupi 4 mwa anthu 10 alionse amene amafa ndi ana. Ngati ndalama ya jakisoni wotsatira yavuta, kongolani, gulitsani kanthu, koma tsikulo lisadutse.

Mwati mabala a pakatumba ndi akuya, ndipo lina lili padzanja. Bala la padzanja, pankhope kapena pakhosi timaliopa kwambiri. Mukapitanso funsani adokotala za immunoglobulin. Ameneyu ndi mankhwala ena apadera amene amabaya pabala penipenipo, ndipo amagwira ntchito akaperekedwa pasanathe masiku 7 kuchokera pa katemera woyamba, ndiye funsani lero lomwe. Pabala musaikepo phulusa, tsabola kapena ubweya wa galu wootcha monga amalangizira ena. Mukaona kutupa, mafinya, kapena mwana watentha thupi, bwererani osadikira tsiku la pakhadi.

Achimwene anuwo muwagwire dzanja. Galuyo akufunika wamoyo kuti aonedwe kwa masiku 10 kuchokera tsiku lomwe analuma. Akadwala, akafa kapena akasowa m'masiku amenewa, kauzeni achipatala ndi a zaziweto nthawi yomweyo. Ndipo nkhani ya khadi musalimbane nayo nokha: kanenani kwa a zaumoyo a khonsolo kukiliniki komweko kapena ku Veterinary Services. Katemera wa chiwewe kwa agalu ndi lamulo muno mu Zimbabwe, ndipo iwo akafunsa khadi munthu sayankha mwachibwana ngati mmene anakuyankhirani inu. Unduna wa Zaumoyo umawerenga anthu olumidwa ndi agalu sabata iliyonse, n'kusiyanitsa olumidwa ndi galu wobayidwa, wosabayidwa ndi wosadziwika, choncho kunena kwanu si kuvutitsa munthu.

Jambulani mabalawo pafoni lero, mudzajambulenso akamapola. Pempheni anamwino alembe m'buku la mwana kukula ndi kuya kwa bala lililonse. Za kudzidzimuka usiku muwauzenso, alembe.

A Mwale, Highfield

Mayi, pepani ndi zimene zamuonekera mwanayo. Ine ndinali kalaliki mu ofesi ya maloya m'tauni muno mpaka ndinapuma, ndipo mafayilo a anthu olumidwa ndi agalu anadutsapo m'manja mwanga. Ndikuyankhani motalikirapo, mupirire nane.

Ambiri a ife timayesa kuti malamulo a kuno ndi a ku Malawi ndi amodzi poti onse anali pansi pa Angelezi. Pa nkhani zowonongerana sizili choncho. Malawi anatsata malamulo a Angelezi, amene kale ankayamba afunsa ngati mwini galu ankadziwa kuti galu wake ndi wolusa. Zimbabwe anatenga malamulo a Chiroma ndi Chidatchi kudzera ku Cape, n'chifukwa chake amafanana ndi a ku South Africa, ndipo oweruza athu amawerenga zigamulo za kumeneko ngakhale sizimawamanga. M'malamulo amenewa muli njira yosumira mwini chiweto imene maloya amaitchula kuti actio de pauperie. Pa njira imeneyi simufunika kusonyeza kuti mwini galu analakwitsa kanthu kapena anali wosasamala. Mumangosonyeza kuti galuyo anali wake pa tsiku lomwe analuma, kuti galuyo anachita zimene galu woweta wabwinobwino sachita, ndiponso kuti mwana wanu wavulala ndipo inu mwawononga ndalama. Choncho mawu oti sanalumepo munthu chibadwire alibe ntchito. Kuluma koyamba komweko n'kokwanira.

Mwini galu ali ndi pothawira pake, koma ndi pochepa. Akhoza kupulumuka ngati wolumidwayo anaputa galu, monga kumugenda kapena kumumenya, kapena ngati analowa pamalopo popanda chilolezo, monga wakuba wodumpha mpanda wa durawall usiku. Zimenezi ayenera kuzitsimikizira ndi iyeyo, osati inu. Kungonena kuti mwina mwana anamuputa si umboni. Mayiwo analipo? Anaona? Mnyamata wosoka nsapato uja anaona chiyani? Komanso malamulo amati mwana wosakwana zaka 7 sangawerengedwe kuti anali wosasamala, chifukwa nzeru zoyeza choopsa sanafike nazo. Wanuyo ali ndi zaka 6.

Za chilolezo ndiye palibe n'chokambirana chomwe. Munthu wogulitsa mazira pakhomo pake waitana yekha ogula kuti azilowa. Chikwangwani chimathandiza mwini galu pamene munthu wamkulu wawerenga, wamvetsa kuti galu ali womasula, koma walowabe mwa kufuna kwake. Apa ana akhala akulowa tsiku ndi tsiku chikwangwani chili pompo, galu ali pa tcheni, mayiwo akulandira ndalama zawo. Chimene chinasintha Loweruka si mwana, ndi tcheni.

Tsopano pa funso lanu lalikulu lija. N'zoona kuti njira ndatchulayi imagwira mwini galu yekha, osati womusungira. Koma pali njira yachiwiri, yosumira munthu aliyense amene kusasamala kwake kwavulaza mnzake, ndipo imeneyi siyang'ana kuti galu ndi wa ndani. Imafunsa kuti: kodi munthu wanzeru, ali ndi galu wamkulu wotere m'manja mwake, akudziwa kuti ana amalowa pageti kudzagula mazira, akanamumasula masana geti lili losakhoma? Ku South Africa kunali mlandu wa Lever ndi Purdy umene khoti la apilo linagamula mu 1993. Mwini galu anapita kunja n'kusiyira munthu wina nyumba ndi galu. Wosungayo anaitana mlendo, osatsekera galu, mlendo n'kulumidwa. Khoti linati mwini galu alibe mlandu chifukwa galu anali m'manja mwa wina amene analekerera. Mukaumvetsa bwino mlandu umenewu muona kuti mayi aja ponena kuti galu ndi wa mwana wanga, ine ndimangosunga, sakuchotsa mlandu pakhomo pawo. Akuuchotsa kwa mwana wawo n'kuuika pa iwo eni. Kwa inu zimenezi n'zabwino, chifukwa kusumira munthu amene ali ku Johannesburg n'kovuta ndipo kumadya ndalama, pomwe mayiwa ali pamtunda wa nyumba zitatu.

Ndiponso musafulumire kukhulupirira kuti galuyo si wawo. Amamudyetsa ndani? Laisensi ya khonsolo, ngati ilipo, ili m'dzina la ndani? Mwana wawoyo anachoka liti? Loya wodziwa ntchito amalemba zonse ziwiri m'samani imodzi: ngati ndinu mwini galu lipirani monga mwini, ngati si inu lipirani monga wosunga amene analekerera. Makhoti sakonda kuti wolumidwa atsale m'malere. Mu 2020 khoti la apilo la ku South Africa linagamula nkhani ya bambo wina wogwira maganyu amene agalu atatu anamugwira akudutsa mumsewu ku Port Elizabeth mu 2017, mpaka madokotala anamudula mkono. Mwini agalu anati geti linathyoledwa ndi anthu osadziwika iye kulibe. Khoti linati ngakhale zitakhala zoona, alipirebe.

Kupolisi ndi kukhoti la chipukuta misozi ndi misewu iwiri yosiyana, ndipo mukhoza kuyenda yonse. Apolisi amayendera Criminal Law (Codification and Reform) Act. Mmenemo kulekerera galu wolusa kuti aziyendayenda wosamangidwa pakamwa ndi mlandu, ndipo gawo 90 limanena za kuvulaza munthu kwambiri chifukwa cha kusasamala. Zikafika pa imfa umakhala mlandu wa culpable homicide, wopha munthu chifukwa cha kusasamala, monga mmene anamutsegulira mwini agalu a mtundu wa pit bull amene anapha bambo wina ku Bluff Hill mu 2025. Koma dziwani kuti munthu akalipira faindi kupolisi, ndalamayo imapita ku boma, inu simuona ngakhale senti. Nkhani ikafika kwa majisitireti munthuyo n'kupezeka wolakwa, khoti lili ndi mphamvu yolamula kuti akulipireni, koma muyenera kuuza wozenga mlandu msanga, malisiti ali m'manja. Ine ndikuti pitani kupolisi ndithu, ngakhale cholinga chitangokhala choti nkhani ilembedwe, mupatsidwe nambala yake ndi fomu yoti adokotala alembepo lipoti la mabala. Pepala limenelo ndi lolemera kuposa mboni zisanu.

Zoti mulipidwe si madola 140 okha. Werengani majakisoni otsala, makombi, zimene mukanapeza kumsika masiku amene mwakhala mukusamala mwana, ndi chithandizo chimene adokotala anganene kuti chidzafunika m'tsogolo. Pamwamba pa zimenezo pali chipukuta misozi cha ululu, mantha ndi zipsera, ndipo chimenechi ndi cha mwanayo. Inu mumasuma m'malo mwake monga kholo. Pomwe palibe lisiti, monga kombi ndi hayala, lembani m'kope tsiku ndi ndalama yake. Ngati muli ndi buku lomwe mumalembamo oda ndi zogulitsa, lisungeni bwino.

Poyambira ndi kalata yowauza ndalama zomwe mukufuna ndi tsiku loti akhale atayankha, masiku 14 ndi okwanira. Sungani kope lake. Akapanda kuyankha mumakatenga samani kukhoti la majisitireti, ndipo amakapereka ndi a Messenger of Court. Za loya musade nkhawa kwambiri: pitani ku Legal Aid Directorate, imene ili pansi pa Unduna wa Zachilungamo ndipo inakhazikitsidwira anthu osowa ndalama, kapena ku Legal Resources Foundation. Kwathu timati mlandu suwola, koma kukhoti umawola. Prescription Act, lamulo loika malire a nthawi yosumira, imapereka zaka 3 pa ngongole zotere. Pa gawo la mwana wamng'ono nthawiyo imatalikirapo, koma pa ndalama zimene mwawononga inuyo musadalire zimenezo, komanso mboni zimasamuka ndipo zimaiwala. Mnyamata wa nsapato uja mutenge dzina lake lonse ndi nambala yake ya foni sabata yomwe ino.

Mwachita bwino kukana madola 20 aja.

Gogo Phiri, Mabvuku

Mwana wanga, ndalira nawe. Ine ndakalamba ndi agalu. Ndinayamba kuwasamala ndili mnyamata ndikugwira ntchito ya m'galadeni ku Highlands, ndipo mpaka lero ndili ndi awiri pakhomo panga, chifukwa kuno akuba salola munthu kugona. Sindingauze munthu kuti asawete galu. Koma galu womangidwa pa tcheni chaka ndi chaka, padzuwa, osayenda, osanunkhiza anthu, ana akudutsa pafupi iye akungodzikoka mpaka khosi kunyuka, ameneyo tsiku lomwe wamasuka amagwira aliyense amene wayamba kuonekera. Kwa azungu amene ndinkawagwirira ntchito ku Highlands galu tinkayenda naye madzulo aliwonse, ndipo mlendo akamabwera tinkayamba tamutsekera m'khola lake geti lisanatsegulidwe. Kwanga ndimachita zomwezo. Agalu ndimawamasula geti ndikakhoma usiku, m'mawa ana asanayambe kupita kusukulu ndawatsekera kale. Wogulitsa malonda pakhomo ayenera kusamala kuposa pamenepo. Ndiye mayiwo alakwa, pamenepo sinditsutsa.

Pamene ndikusiyana ndi a Mwale ndi pa zothamangira kupolisi. Iwo akunena zoona za malamulo, koma sakhala mumsewu mwanumo. Iwe ukuchita lendi, mayiwo nyumba ndi yawo, ndipo mwina amamwera tiyi limodzi ndi alandilodi ako. Apolisi akangoima pageti pawo mtima wawo uuma, ndipo ndalama yomwe akanakupatsa mwezi uno udzaiona chaka chamawa, ngati udzaione. Ndaonapo anthu atawina kukhoti n'kutsala ndi pepala lokha, chifukwa woluzayo analibe katundu woti n'kulanda. Komanso mawa pakagwa zovuta pakhomo pako, oyamba kufika ndi anthu a mumsewu momwemo.

Tenga akulu ampingo awiri a kwanu, mayiwo aitanenso a kwawo, kapena wapampando wa sosaite ya maliro ngati muli m'sosaite imodzi. Mukakhale pansi malisiti ali patebulo. Mwana wawo wa ku Joniyo amuimbire pa WhatsApp anthu onse akumva, chifukwa kawirikawiri ndalama ili kumeneko, ndipo mwana safuna kuti mayi ake akaime m'khoti chifukwa cha galu wake. Mukagwirizana, zilembedwe, onse asaine. Mukambenso za galuyo: amumangire khola lenileni, abayidwe katemera, ndipo mazira azigulitsira pageti. Akalephera kumusamala amupereke ku bungwe loteteza nyama la SPCA.

Uwauze achimwene ako kuti tameki sasankha. Adya galu, adya nkhuku, mwina atola ndi mwana. Ndipo kupha galu wa mwini ndi poizoni ndi mlandu wochitira nkhanza nyama komanso wowononga katundu wa munthu. Lero olakwiridwa ndinu, musadzisandutse olakwa.

Make Chisomo, Mufakose

Zikomo nonse, mwandilimbitsa mtima. Anamwino, mwana wabayidwa wa tsiku la 7, ndipo za mankhwala ena aja ndinafunsa, adokotala anamuona. A zaumoyo a khonsolo anapita kukaona galu, akadali moyo ndipo akudya. Khadi linapezeka m'nyumba momwemo, si ku Joni ayi. Katemera womaliza ndi wa kalekale, ndipo dzina lolembedwapo ndi la mayi omwewo.

Agogo, mawu anu ndawamva. Kupolisi ndinapita, koma ndinawauza kuti pakali pano ndikufuna nkhani ilembedwe ndi fomu ya adokotala, tiyambe takambirana. Akulu ampingo avomera kuti tikumane Loweruka likubwerali.

Chimene chandisowetsa tulo ndi china. Mchimwene wawo wa mayi aja anandipeza pamsika, anthu akumva, n'kundiuza kuti anthu obwera ngati ife tilibe pakamwa m'khoti la dziko lino, ndipo ndikalimbikira ndidzadziputira zina. Ine ndinabadwira konkuno mu 1988. Bambo anga anachokera ku Dedza, anagwira ntchito ya khonsolo mpaka imfa yawo. Koma chitupa changa ndi chakale chija cholembedwa kuti alien, sindinasinthe. Kodi chimenechi chingandigwetse? Komanso Lowerukalo akanena kuti apereka madola 140 okhawo nkhani ithe, ndivomere?

A Mwale, Highfield

Mayi, bambo ameneyo akukuopsezani chabe. Gawo 56 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 2013 limati anthu onse ndi ofanana pamaso pa lamulo, ndipo gawo 69 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokadandaula kukhoti. Silinena kuti nzika yokha. Ngakhale mlendo amene watsika basi ku Mbare dzulo, galu akamuluma akhoza kusuma. Kuwonjezera apo, inu si mlendo. Gawo 43 limati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowa asanatuluke, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC monga Malawi, ndipo iye ankakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika yobadwa. Chichewa chomwe tikulembachi chili pa zinenero 16 zovomerezeka m'gawo 6. Nkhani ya galu ikatha mudzatenge satifiketi yanu yobadwira mukasinthe chitupacho ku ofesi ya zitupa ya ku Makombe, koma samani siidikira zimenezo. Akadzakuopsezaninso, lembani tsiku, mawu ake ndi anthu amene anamva, mukawonjezere pa nkhani yomwe ili kale kupolisi.

Khadi lija lasintha zinthu. Dzina lawo likakhala pamenepo, zoti galu ndi wa mwana wawo zavuta kuzikhulupirira, ndipo njira zonse ziwiri ndinakuuzani zija zikuloza kwa iwo. Pempheni a zaumoyo aja akulembereni zomwe anapeza, kapena mujambule khadilo.

Agogo Phiri anena zoona kuti kukambirana kumabweretsa ndalama msanga, ndipo maloya eni ake amayamba ndi komweko. Ine changa n'choti mupite mutakonzeka. Madola 140 okha musavomere, chifukwa majakisoni sanathe, zakumsika simunawerengere, ndipo palibe amene akudziwa lero mmene dzanja la mwanayo lipolere. Lembani papepala limodzi zonse mwawononga, zotsala zimene adokotala anena, ndi zomwe mwataya kumsika, ndipo payokha muike ndalama ya mwana ya ululu ndi zipsera. Musanafike Loweruka dutsani ku Legal Aid ndi zithunzi ndi lipoti la adokotala, akuthandizeni kuyeza ndalama imeneyo, kuti musatchule yochepa kapena yoti anthu aimirire n'kumapita.

Pepala la mgwirizano likhale ndi mayina onse ndi manambala a zitupa, tsiku limene galu analuma, mawu oti mayiwo akuvomera kulipira, ndalama yonse, ndi masiku enieni olipirira ngati n'kwapang'onopang'ono. Lilembedwenso kuti akaphonya kamodzi, yotsala yonse ikufunika nthawi yomweyo ndipo muli ndi ufulu wopita kukhoti. Mboni ziwiri zisaine, aliyense atenge kope lake. Ndalama izidutsa pafoni, pa EcoCash, kuti pazikhala umboni, ikakhala ya pamanja muzisainirana. Akabwera ndi pepala lawo lolembedwa kale, muliwerenge lonse, ndipo mukaona mawu oti full and final settlement musasaine. Mawu amenewo amatseka nkhani yonse, ngakhale mwana atadzafunika opaleshoni pambuyo pake. M'malo mwake mulembetse kuti ndalama zachipatala zimene zidzatuluke chifukwa cha mabala omwewa adzalipiranso akaona malisiti.

Za khola la galu, katemera ndi kugulitsira mazira pageti zilowenso m'pepala lomwelo, ndi tsiku loti zikhale zitachitika.